Timabokosi ta m'mawa tija ndi moni wathu

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu amene tili limodzi m'magulu a pa WhatsApp a ku Mufakose, Mbare, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, lero ndikufuna kuikira kumbuyo chinthu chimene ambiri a inu mumachinyoza. Ndikunena timabokosi ta masewera a Wordle, tobiriwira, tachikasu ndi totuwa, timene ena amaponya pagulu kusanache bwinobwino, pamwamba pake atalemba 3/6 kapena 4/6. Ndamva ena akuti n'kusowa chochita. Ena akuti n'kudzionetsera kuti munthu umatha Chingerezi. Ine ndikukana. Timabokosi timeneti ndi moni wa m'mawa, ndipo kwa ife amene abale athu anamwazikana m'mayiko ambiri, moni si chinthu chochipeputsa.

Kwa amene simunayesepo, masewerawa amayenda motere. Pamakhala liwu limodzi la Chingerezi la zilembo 5 lobisika, ndipo umaloledwa kuyesa maulendo 6. Ukalemba liwu loyesera, chilembo chimene chagwera pamalo pake chimabiriwira, chimene chilimo koma chasokera malo chimakhala chachikasu, chimene mulibe chimatuwa. 3/6 ija ikutanthauza kuti liwulo walipeza pa ulendo wachitatu mwa maulendo 6. Basi, palibenso zina. Anawapanga ndi Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales amene ankakhala ku Brooklyn, ndipo ankapangira bwenzi lake Palak Shah, wokonda masewera a mawu. Anawatsegulira anthu onse mu Okutobala 2021. Pa 1 Novembala osewera anali 90 okha, koma pofika kumayambiriro kwa Januwale 2022 anali atapitirira 300,000, ndipo mwezi womwewo usanathe nyuzipepala ya The New York Times inawagula ndi ndalama zosachepera madola 1 miliyoni.

Masewera a mawu m'nyuzipepala si achilendo. Aja odzaza mawu m'timabokosi chopingasa ndi chotsika anayamba kusindikizidwa mu 1913 ku New York, ndipo makolo athu ena ankawadzaza ndi bolopeni pa nthawi yopuma kuntchito. Koma aja unkalimbana nawo wekha. Chimene chinasiyanitsa Wordle ndi zinthu ziwiri. Choyamba, liwu ndi limodzi pa tsiku, ndipo ndi lomwelo kwa aliyense. Mphunzitsi wa ku Zomba, namwino wa ku Leeds ndi ine amene ndili pamzere wa kombi pa Copacabana tonse tikuswa mutu ndi chinthu chimodzi. Ukamaliza, liwu latsopano silibwera mpaka mawa. Mwini wake anachita dala, sankafuna kuti masewerawa azimudyera munthu tsiku lonse. Chachiwiri ndi timabokosi tija. Osewera ena a ku New Zealand ndi amene anayamba kuonetsana zotsatira zawo ndi timabokosi tamitundu, ndipo mu Disembala 2021 Wardle anaika batani lochitira zimenezi mosavuta. Nzeru yake ili apa: timabokosi timaonetsa njira yonse imene wayenda, pamene unasokera, pamene unatsala pang'ono, pamene unapulumukira, koma liwu lenilenilo sitilitchula. Umauza mnzako nkhani yako yonse osamulanda yake.

Ulemu umenewu ndi umene ukugwira magulu amenewa. Pagulu lathu la pabanja lamulo lalikulu silinalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa: liwu la lero satchula. Ngakhale kupereka kachizindikiro n'koletsedwa. Ndipo lamuloli limavuta kuposa mmene mungaganizire, chifukwa liwu latsopano limabwera pakati pa usiku malinga ndi nthawi ya kumene munthu ali. Ife ndi a ku Lilongwe komanso a ku Johannesburg wotchi yathu ndi imodzi. A ku England amatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Koma mdzukulu wa azakhali amene ali ku Perth, ku Australia, ali patsogolo ndi maola 6, kotero kuti ife tikamaweruka 6 koloko madzulo, iye liwu la mawa lamufikira kale. Mwana ameneyu amasewera, n'kusunga pakamwa mpaka kuno kutacha. Palibe amene amamuyang'anira. Amangodziwa kuti akalankhula awononga m'mawa wa anthu ambiri. Mu Januwale 2022 pa Twitter panabuka akaunti ina imene inkayankha anthu oponya timabokosi powauza liwu la tsiku lotsatira, ndipo inatsekedwa. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo ine ndimawamvetsa. Wochita zotero sakuba ndalama, koma akuba chinthu chimene anzake amachiyembekezera.

Palinso miyambo ina ing'onoing'ono imene imamera yokha. Wina akapeza liwu pa ulendo wachiwiri, timamuombera m'manja. Wina akaponya X/6, kusonyeza kuti zamukanika, sitimuseka, akuluakulu amangolemba kuti "Pepani achimwene, lalero linali louma, mawa kuliko." Tsiku limene liwu lavuta onse, gulu limadzaza ndi madandaulo, ndipo ndi tsiku limene timacheza kwambiri. Aliyense ali ndi liwu lake loyambira limene salisiya, ndipo timadziwana nalo ngati mmene timadziwirana mayendedwe. Achemwali anga aakulu amathamanga, amafuna amalize madzi a tiyi asanawire, ndipo nthawi zambiri amathera pa ulendo wa 5 kapena wa 6. Amalume a ku Highfield amalemba liwu limodzi, n'kuika foni m'thumba, n'kukathirira ndiwo zawo kuseri kwa nyumba, kenako n'kubwerera. Iwo amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zotsatira zawo zimawavomereza.

Tsopano nkhani ya moni ija. Mu Febuluwale 2022, kufupi ndi Chicago, mayi wina wa zaka 80 analowereredwa m'nyumba usiku ndi munthu wachiwembu amene anawatsekera m'kachipinda kapansi. Chimodzi mwa zinthu zimene zinadzidzimutsa mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kutali ku Seattle, n'chakuti m'mawa umenewo mayi ake sanatumize timabokosi tawo monga mwa masiku onse. Achibale anadziwitsa apolisi, ndipo mayiwo anapezeka ali moyo. Nkhaniyi itandifika sindinadabwe kwenikweni, chifukwa n'zimene timachita ifenso. Dzuwa likafika paliwombo wina asanaponye, pamapezeka wofunsa kuti "Kodi amalume mwawaona lero?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti magetsi anazima kuyambira mbandakucha foni n'kuthima, kapena data yatha. Koma panali tsiku lina limene kukhala chete kumeneko kunatiululira kuti azakhali agona ndi shuga wokwera, ali okha m'nyumba, ndipo anawo anathamangirako nthawi isanathe. Munthu wamkulu sangaimbe foni tsiku ndi tsiku kuti anene kuti wadzuka bwino. Amaona ngati akuvutitsa ana. Koma timabokosi amaponya mosavuta, popanda kupempha kanthu kwa aliyense.

Ndiye amene mumati n'kutaya nthawi, tayang'anani magulu athu ena. Muli chiyani? Mauthenga a maliro, kupempha zopereka, mikangano ya ndale, ndi mavidiyo otumizirana amene palibe akudziwa kumene achokera. Zonsezi zili ndi malo ake, makamaka za maliro, pakuti mabungwe athu othandizana pa maliro ndi amene anasunga makolo athu m'dziko lino. Koma banja limene limangolankhulana pakagwa zovuta limayamba kuopa kulira kwa foni. Pamafunika kanthu kena kopepuka kokumaniranapo tsiku lililonse.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Pali zimene zimandipweteka mtima, ndipo ndizinena.

Masewerawa ali ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi Aamerika. Ife tinaphunzira Chingerezi cha ku Britain kusukulu, ndiye liwu ngati "favor" likabwera lopanda u, monga linachitira mu Januwale 2022, timagwa m'mbuna popanda kulakwa. Mu Meyi chaka chomwecho liwu linali "homer", la m'masewera a baseball, ndipo anthu kunja kwa America anasokonezeka moti m'sabata imodzi analifufuza pafupifupi maulendo 75,000 mu dikishonale ya Cambridge, mpaka eni dikishonaleyo analisankha kukhala liwu la chaka cha 2022. Masewera ena a mawu otchedwa Connections, amene The New York Times inayambitsa mu Juni 2023, ndiye amanyanya. Amakupatsa mawu 16 kuti uwagawe m'magulu 4, koma kawirikawiri chinsinsi chake chimakhala mayina a matimu, maswiti kapena mapulogalamu a pa TV a kwawoko. Wolephera pamenepo si mbuli ayi, kungoti sanakulire kumeneko. Ndimakhumudwa ndikaona achinyamata ena akugwiritsa ntchito zotsatira zawo ngati muyeso wa nzeru, n'kumanyogodola anzawo amene sukulu anailekezera panjira chifukwa cha fizi.

Palinso nkhani ya data, imene anzathu a kunja saiganizira. Ambiri kuno timagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi imene thumba limakwanitsa. Munthu woteroyo amaona timabokosi ta anzake tikudutsa koma masewerawo sangawatsegule. Amakhala ngati waitanidwa koma waimitsidwa pakhomo. Ndipo pali matenda ena owerengera masiku amene wapambana mondondozana. Munthu akafika patali amayamba kuopa kuduka, mpaka kukafufuza yankho pa intaneti mwakabisira kuti nambala yake isagwe. Akatero timabokosi take timakhala tabodza, ndipo moni wabodza ndi wopanda ntchito. Ine ndimalemekeza kwambiri X/6 yoona kuposa 2/6 yokayikitsa.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kuposa zonse n'chakuti m'mawa uliwonse banja lonse la Achewa, Ayao ndi Amang'anja limakumana pa liwu la Chingerezi, pamene chinenero chathu chikutha m'kamwa mwa ana. Agogo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ambiri pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 ndi m'mbuyo mwake, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Ana awo anakula akulankhula Chichewa kunyumba ndi Chishona panja. Zidzukulu zambiri lero zimangomva, kuyankha zimayankha m'Chishona kapena m'Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo tinasangalala, koma pepala silingalowetse mawu m'mutu mwa mwana.

Chonsecho masewera otere ife tinali nawo kale. Madzulo wina ankati "Chilape!" ena n'kuyankha "Nachize!" Kenako: "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Onse n'kumaswa mutu mpaka wina atafuula kuti dzira. Funso limodzi, anthu onse pamodzi, wodziwa kale yankho n'kukhala chete kuti ang'onoang'ono ayese. Mwambo wake ndi womwewu.

N'chifukwa chake pagulu lathu tinayamba kusewera m'Chichewa Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ndipo safuna china chilichonse koma WhatsApp. Munthu mmodzi amasankha liwu la zilembo 5 n'kulisunga mumtima. Ena amamutumizira mawu oyesera kumbali, iye n'kumayankha ndi timabokosi totayipa pamanja. N'zochedwa, ndipo wosankhayo foni imamutenthera m'manja masana onse, koma a bandulo ya WhatsApp yokha aja nawonso amalowa. Mawu a zilembo 5 tili nawo ambiri: madzi, mvula, khasu, bwalo, mudzi, dengu, mkeka, mbuzi. Ndipo apa zinthu zimatembenuka. Agogo a ku Mufakose, amene ku Wordle sayandikako n'komwe, ndi amene amasankha mawu ovuta kuposa onse, mdzukulu wawo n'kumawatayipira. Tsiku limene anasankha "munsi", ana a ku yunivesite anathera panjira onse. Madzulo ake agogo anatulutsa mtondo ndi munsi wawo wakale kuseri kwa chitseko, mdzukulu anajambula, chithunzi n'kupita pagulu, ndipo panabuka nkhani ya mmene ankasinjira chimanga ali atsikana ku Dedza, nkhani imene ambiri a ife tinali tisanaimvepo.

Inu achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, ntchito ndi imeneyi. Tipangireni masewera otere m'Chichewa, opepuka, osadya data yambiri. Koma musatole mawu nokha. Wardle anali ndi mawu a Chingerezi a zilembo 5 pafupifupi 12,000, ndipo Palak Shah ndi amene anakhala pansi kuwasefa mpaka kutsala 2,315 odziwika kwa anthu wamba. Kusefa kumeneko kwa ife kukufunika akuluakulu, ndipo kudzakhala ndi mikangano yake. Ife tayamba kale kukangana. Kodi ng' ya mu ng'ona tiziiwerenga ngati chilembo chimodzi kapena ziwiri? Tinagwirizana kuti mawu otere tiziwapewa kaye. Nanga mawu a kuno ku Harare? Abale a ku Lilongwe anakana "kombi", akuti kwawo ndi minibasi. Ine ndinaumirira kuti alowe, chifukwa ndi mmene Mchewa wa ku Mabvuku amatchulira galimoto imene amakwera tsiku ndi tsiku, ndipo Chichewa chake si chachiwiri kwa cha wina aliyense. Koma mphwanga atabweretsa "sadza" ndinali woyamba kukana, pakuti "nsima" nayonso ili ndi zilembo 5 ndipo ndi imene ndikufuna ana ake aziitchula. Iye sanagonje, akuti ngati kombi yalowa sadza ilowenso, ndipo nkhaniyi taisiyira amalume a ku Highfield kuti aigamule Lamlungu likubwerali.