Valani life jacket musanakwere boti ku Cape Maclear

Zomwe zachitika Loweruka pa gombe la Chembe ku Cape Maclear zandikwiyitsa kwambiri. Gulu la anthu obwera pa minibasi lakwera boti la matabwa kupita ku chilumba cha Thumbi, odzaza mpaka ena atakhala m'mphepete miyendo ili lende, makireti a mowa pakati, ana awiri ali pamiyendo pa amayi awo. Ma life jacket, majekete oyandamitsa munthu m'madzi, anali atawaunjika kutsogolo kwa boti, wina atawasandutsa mpando. Mayi wina atafunsa za jekete anamuyankha kuti "pafupi pomwepa, mayi, musaope." Pafupi? Munthu wosadziwa kusambira amamira pamtunda wa mamita asanu kuchokera pomwe angaponde pansi.

Valani life jacket. Musaigwire m'manja, musaikhalire, valani ndi kumanga zingwe zake zonse musanaponde m'boti. Boti likatembenuka palibe nthawi yoifunafuna, imayandama n'kutengedwa ndi mphepo inu mukumwa madzi. Mukavala, uzani mnzanu aikokere m'mwamba pamapewa. Ikakwera kufika m'makutu ndiye kuti yakula, m'madzi idzakuvukani. Ifinyeni ndi dzanja: ngati zam'kati zake zaphwatalala kapena zauma n'kumathetheka chifukwa cha dzuwa, ibwezeni akupatseni ina. Mwana amafunika jekete la msinkhu wake, lokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Kumuveka mwana jekete la bambo ake n'chimodzimodzi kusamuveka. Ngati majekete ndi ochepa kuposa anthu, boti lipite maulendo awiri, basi.

Eni maboti amatero pofuna kupulumutsa petulo, ife okwera timatero pothawa kuoneka amantha pazithunzi. Zonsezo n'zopanda pake pamaso pa nyanja.

Chembe amanyenga anthu chifukwa gombe lake linabisala kuseri kwa mapiri a Nankumba. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imachokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye pagombe madzi amaoneka bata ngati m'beseni. Tulukani pang'ono kupitirira chilumba cha Domwe, kapena lunjikani ku chilumba cha Mumbo komwe ndi makilomita pafupifupi 10, mudzaona mafunde akumenya boti m'nthiti. Nyengo ya mvula mpoto umabwera mwadzidzidzi, ndipo uwo umalowa pagombe penipeni. Asodzi omwe anabadwira pomwepo amayang'ana kumwamba kaye asanakankhe bwato, masiku ena amangokhala pamchenga n'kumasoka maukonde. Inu mwafika dzulo kuchokera ku Lilongwe mukuti nyanja mukuidziwa? Sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inamira mu Julaye 1946 chakumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 anafa. Nanga boti la matabwa lodzaza anthu oledzera?

Musanalipire, yang'anani boti. Anthu onse atakhala, pakati pa madzi ndi mlomo wa boti patsale mpata woti funde laling'ono lisalowe. Ngati mungathe kukhudza madzi ndi zala osawerama, anthu achuluka, ena atsike. M'botimo mukhale nkhafi ziwiri, chigubu chodula chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake, ndi petulo wapadera. Injini ikazima pakati pa nyanja boti limatembenukira m'mbali mwa mafunde, ndipo apo m'pomwe madzi amayamba kulowa. Popanda nkhafi simungaliwongole. Nyamukani m'mawa, mubwerere dzuwa likadalipo.

Ndipo khalani pansi. Woyendetsa boti akaimba likhweru n'kuponya nsomba kuti nkhwazi itsike pamtengo idzawakhe, aliyense amafuna kudzuka ndi foni kuthamangira mbali imodzi. Boti limapendeka nthawi yomweyo. Pamiyala ya Thumbi pomwe anthu amaonera tinsomba tamitundu yokongola totchedwa mbuna, madzi ndi oyera moti pansi pamaoneka pafupi, koma mwala ukangotha n'phompho. Wovala jinzi kapena chitenje akaterereka, zovalazo zimamwa madzi n'kumukola miyendo. Boti likagubuduzika, gwirani botilo, musalisiye n'kuyamba kusambira kulunjika kumtunda. Pamadzi mtunda umaoneka wapafupi pomwe uli kutali, ndipo opulumutsa amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu. Wosamva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Malowa ndi athu, paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa malo ofunika a dziko lonse mu 1984. Amalawi tiyenera kumapitako mwaunyinji, ndi ana athu, akaone mbuna ndi maso awo. Koma apite atavala jekete. Alendo akunja akamakwera maboti omwewo amavekedwa majekete mosakambirana, ife timauzidwa kuti "pafupi pomwepa." Moyo wa Mmalawi ndi wotchipa?

Chinanso chomwe palibe amauza anthu pagombepo ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pomwe pali bango ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pakhungu osamva kuwawa. Ana asewera m'menemo tsiku lonse, abwerera kumudzi, pakapita miyezi ayamba kukodza magazi makolo n'kumadabwa. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi sikelo ya munthu, ndipo kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa tizilombo timakhala tisanakule. Dikirani masabata 6 mpaka 8, mupite kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja.