Otsatira mukuwafuna, nanga zotsatirazo asenze ndani?

Ana inu tabwerani kuno, ndakhala chete nthawi yaitali koma zomwe ndikuona m'mafoni anuwa zandikwana. Munthu wagwa pansewu, kaya waledzera kaya ndi khunyu simukudziwa, inu mmalo momudzutsa mwasolola foni, kujambula, kuseka mpaka kugwira m'mimba, kuponya pa TikTok kenako pansi pake nkulemba kuti gawo lachiwiri likubwera musaiwale kundifolowa. Gawo lachiwiri la chani? La manyazi a munthu?

Ndikafunsa akuti agogo simungamvetse, ife tikufuna otsatira. Chabwino. Mawuwa mumawatchula kutacha kutada koma munayamba mwawatembenuza kuona kunsi kwake? Tsinde lake ndi kutsata. Mlenje amatsata mapazi a nyama, galu amatsata fungo, ndipo onsewa sabwerera panjira ayi, amapita mpaka akachipeze chomwe akulondolacho. Mukaikapo ka -ir- pakati pamatuluka kutsatira, kuyenda pambuyo pa wina. Tsono apa mvetserani bwino. Mukayamba ndi o, otsatira, mukunena anthu, aja amadina batani pa tsamba lanu aja. Mukaikapo z kutsogolo, zotsatira, mukunena zinthu zomwe zikubwera pambuyo pa chomwe mwachita. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha basi. Inu mumawerenga o uja usiku ndi usana, lero afika 500 mawa 2000, koma z simumuwerenga chonsecho akuyenda mumzere womwewo, kungoti iyeyo alibe changu.

Akuluakulu aja ponena kuti choipa chitsata mwini sanasankhe mneniyu mwangozi. Sanati chigwera mwini ngati mvula yongogwa paliponse, anati chitsata, kutanthauza kuti chili ndi mphuno, chimadziwa khomo.

Ndipo musaganize kuti ndi maganizo achikale a ife okalamba okha. Chizungu chomwe mumanyadira nachocho chinachita chimodzimodzi. Mawu oti consequence anachokera ku Chilatini, con kutanthauza pamodzi ndi sequi kutanthauza kutsata, ndiye kuti chinthu chotsagana nawe pambuyo. Sequel uja mumadikirira filimu ikatha, tsinde lake ndi lomweli. Madokotala ali ndi lawo sequela, bvuto lomwe limatsalira m'thupi matenda enieniwo atapita kale, monga mwendo wopuwala pambuyo pa poliyo. Ngakhale sue, kumusumira munthu kukhoti, anadutsira ku Chifalansa koma kwawo ndi komweko kwa sequi. Ndiye taonani, gawo lachiwiri la vidiyo, chilema chotsalira ndi samani ya kukhoti, onsewa ndi ana a mayi mmodzi. Pamene mukulonjeza woyambayo azibale akewo amva kale kuti kuli phwando.

Mphwanga wina, dzina sinditchula mayi ake amawerenga zomwe ndimalemba, anajambula bambo wina akukangana ndi mkazi wake pa geti, bamboyo malaya atang'ambika phewa, nsapato imodzi ili kuphazi ina ili m'manja. Mnyamata anaikamo kanyimbo koseketsa, anthu anasheya mpaka foni yake kutentha ndi manotifikeshoni, sabata yonse amayenda ngati wawina chikho. Ndinamuuza kuti fufuta, anandiyankha kuti amalume ndi zocheza chabe. Patatha zaka ziwiri anaitanidwa ku intavyu, anasita malaya usiku, tayi anabwereka kwa ine. Mwa anthu atatu okhala kuseri kwa tebulo mmodzi anali mchemwali wa bambo uja. Sanamukalipire ayi, anangotembenuza laputopu, kudina, nkumufunsa kuti mawu akusekawa ndi anu? Madzulo anabwera kudzabweza tayi, anaiika pa mpando osakhala pansi nkomwe, ati koma amalume ndinadilita kalekale. Eya unadilita yako, nanga ya anthu mazana aja anadawunilodi aja unawalowera m'mafoni?

Apa ndi pomwe ndimakonda mawu oti mphukira, ochokera ku kuphuka. Wadula mtengo waona ngati wathana nawo, mvula ingogwa kamodzi chitsa chija chatulutsa timasamba tobiriwira mbali zonse. Azungu nawo aftermath wawo uja poyamba sankanena za nkhondo kapena ngozi, math ameneyo si masamu a kusukulu, ndi mawu akale otanthauza kumweta, ndiye aftermath unali udzu womeranso pamalo pomwe amweta kale. Kudilita ndi kumweta chabe, mizu ili pansi phee. Facebook inayamba 2004 ndipo mpaka lero imakudzutsira wekha zomwe unalemba zaka khumi zapitazo ati tikukumbutseni, nanga mdani wako amene anasunga skirinishoti dala angaiwale?

Palinso kupitiriza. Kupita, kupitirira, kupitiriza, mawu akungotalika ngati mmene nkhani imatalikira ikachoka pakamwa pa mwini. Koma kupitirira komweko ndi kumene timanena munthu akadumpha malire, timati wapitirira muyeso. Inu a m'magulupu a WhatsApp ndikunena inu, ndipo pano sindikunena ana okha, alipo azibambo a imvi ngati zangazi amene uthenga ukangofika, mwana wakuti waba, mayi wakuti ali ndi matenda akuti, chala chili kale pa kamuvi kaja osafunsa kuti walemba ndani. Mukafunsidwa mumati ine ndangopitiriza. Ndangopitiriza! Moto wa tchire umayatsidwa ndi munthu mmodzi koma amene amaufikitsa kumudzi ndi udzu, ndiye musamadziyeretse.

Chinanso chondinyansa nchoti mawu oti zotsatira mwawasandutsa a mayeso ndi a kuchipatala okha, zomwe amakupatsa papepala tsiku lodziwika nkumakonzekera mtima. Zinazi sizilengeza tsiku, chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo musazisokoneze ndi mathero. Mathero achokera ku kutha, malekezero ku kuleka, pamenepo chinthu chaima. Zotsatira siziima, chimodzi chimabala chinzake, ntchito yakanika, ngongole yabwera, chibwenzi chatha, zonse motsatizana, tsinde lomwe lija.

Mphwanga uja pano otsatira ake atsala ochepa, ambiri anathawira kwa wina wojambula zoseketsa kuposa iye. Bambo wa nsapato imodzi uja ndinakumana naye mwezi wathawu pa mzere wa ku banki, achinyamata awiri kumbuyo kwathu anagwedezana zigongono nkuyamba kuimba kanyimbo kaja chapansipansi. Iye anangoyang'ana pansi, kupinda kapepala kake kanambala, nkutuluka asanathandizidwe.