Ana anga a ku Joni, manda a Braamfontein si pochezera

Loweruka lapitali ndinabwerako ku manda a Braamfontein mtima ukuwawa, ndipo mpaka lero sunaphwe. Ndalemba izi kuti zikufikeni inu anyamata ndi atsikana athu amene muli kuno ku Johannesburg, makamaka okhala mbali za m'tauni. Amene muli kumudzi ndipo muli ndi mwana kapena mphwanu kuno, mutumizireni awerenge.

Tinalowa cha m'ma 11 koloko m'mawa, ine ndi anzanga awiri a kutchalitchi. Titayenda pang'ono pansi pa mitengo ija ndinamva Chichewa. Mukudziwa mmene mtima umadumphira ukamva chinenero chako kwa eni. Ndinafulumira kuti ndikapereke moni, koma zimene ndinapeza zinandifoola mawondo. Achinyamata asanu, atatu atakhala pa chiliza ngati pa benchi la pa depoti. Mabotolo a mowa atawaimika pamwala wolembedwa dzina la munthu, mapepala a tchipisi ali mbwee. Mtsikana mmodzi anali atakwera pa chiliza china akuvina, mnzake akumujambula pa foni. Ndili chiimire, mnyamata wina anadzuka n'kupita kuseri kwa mwala wa kumutu kukataya madzi.

Ndinawalonjera ndi kuwafunsa kwawo. Anayankha mwaulemu ndithu, pamenepo sindiwanamizira. Koma nditafunsa ngati akumudziwa amene amukhalirayo, wina anati, "Agogo, awa ndi manda a azungu akalekale, alibe mwini."

Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo.

Kodi kwanuko munaleredwa bwanji? Kumudzi kwathu mwana salozako chala kumanda. Munthu salowa kumasano mwachisawawa popanda amfumu kudziwa, ndipo ngakhale nkhuni zitasowa chotani, palibe mayi amene amakathyola nthambi ya mtengo wa kumanda kuti akaphikire. N'chifukwa chake mukamayenda pa basi m'midzi yathu, pamene mwaona nkhalango yatsala yokha pakati pa minda, mumadziwa kuti pagona anthu. Adzukulu akamaliza kufotsera, tonse timasamba m'manja tisanalowe m'mudzi. Zonsezi mumazidziwa, simunabadwire kuno. Nanga chinakusinthani n'chiyani mutangowoloka Beitbridge? Kapena mukuyesa kuti wakufa wa mtundu wina samafunika ulemu?

Tsono mverani ndikuuzeni amene agona m'menemo, chifukwa mwana uja ananama pawiri. Si azungu okha, ndipo eni ake alipo.

Mzinda uno unayamba mu 1886 golide atapezeka, ndipo manda a Braamfontein anatsegulidwa mu 1888. Ganizani bwino pamenepo. Mzinda wa zaka ziwiri unalibe mbadwa. Pafupifupi wamkulu aliyense amene anaikidwa m'menemo zaka zoyambirirazo anali wobwera, wodzafuna ndalama, wosiya makolo kutali, ngati inu ndi ine. Muli Akhristu, Asilamu, Ayuda, Amwenye, Matchaina ndi anthu akuda, aliyense mbali yake monga ankawagawira masiku amenewo.

Msewu umene umadutsa m'mbali mwa mandawo, cha ku yunivesite ya Wits, dzina lake ndi Enoch Sontonga Avenue. Ambiri mumaudutsa pa takisi tsiku ndi tsiku osafunsa kuti ameneyu anali yani. Anali mphunzitsi wochokera ku Eastern Cape, ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ya Methodist ku Nancefield ndi kutsogolera kwaya. Mu 1897 anapeka nyimbo ya Nkosi Sikelel' iAfrika, pemphero lopempha Mulungu kuti adalitse Africa. Sanali nduna, sanali mwini mgodi. Anali mphunzitsi wamba wopekera ana ake a sukulu nyimbo. Anamwalira pa 18 April 1905 ndi matenda a m'mimba, ali ndi zaka pafupifupi 32, asanaone kumene nyimbo yake idzafike. Lero ndi mbali ya nyimbo ya fuko la South Africa. Tanzania imaimba nyimbo ya fuko lake m'maimbidwe omwewo. Abale athu a ku Chipata, Katete ndi Lusaka, mukaimirira kuimba nyimbo ya fuko la Zambia, maimbidwe amene mukutsatawo ndi a munthu amene wagona pa Braamfontein.

Koma imvani chimene chinamuchitikira. Mbali imene ankaikako anthu akuda anadzaisalaza, n'kudzalapo kapinga, zizindikiro zonse n'kuchoka. Manda a Sontonga anasowa. Kwa zaka zambirimbiri anthu ankaimba nyimbo yake m'misonkhano, m'ndende ndi pa maliro a omenyera ufulu, koma panalibe wotha kuloza kuti mwini nyimbo wagona apa. Pofufuza m'zaka za m'ma 1990 anavutika kwambiri, chifukwa m'kaundula wa manda ankamufuna pa dzina la Sontonga, chikhalirecho anamulemba pa dzina loyamba la Enoch. Anachita kufananitsa mapu akale ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, akatswiri ofukula zakale n'kuthandizapo, mpaka malo anapezeka. Pa 24 September 1996 Nelson Mandela anadzavundukula chipilala chamwala wakuda chimene chilipo lero. Kuchokera 1905 kufika 1996 ndi zaka 91.

Ngati munthu amene mayiko amaimba nyimbo yake anasowa chomwecho, nanga wantchito wa m'nyumba, wokumba mgodi, wochapa zovala, khanda limene linafa ndi kutsegula m'mimba? Kapinga amene mumadulirapo njira, pamene mumati palibe manda chifukwa simukuona mwala, pansi pake pali anthu akuda anzathu ochuluka amene mayina awo palibe adzawatchulenso.

Apa ndilankhule za m'nyumba mwathu. Mchimwene wawo wa agogo anga aakazi anapita ku migodi ya kuno ali mnyamata, ndipo sanabwerere. Kumudzi ankangoti anatchona. Agogo anakalamba akufunsa aliyense wobwera ku Joni ngati anamuonako. Kalata siinabwere, bulangete lake silinabwere, ndipo chiliza chake kulibe kulikonse. Sanali yekha. Anthu ochokera kumayiko otentha ngati kwathu ankafa ndi chibayo m'migodi muno mochuluka kwambiri, mwakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ntchito kuchokera kumpoto kwenikweniko, mpaka linadzalolanso m'zaka za m'ma 1930. Ine ndikaona manda opanda dzina mu mzinda uno ndimavula chipewa, chifukwa m'manda ngati amenewo ndi mmene munathera magazi athu. Ndiye mwana wa kwathu azikodza pamenepo?

Muli chipilala china cha anthu amene anafa tsiku limodzi, ndipo nkhani yake ikukhudza khalidwe lomwe ndikudzudzulali. Mu February 1896 sitima yonyamula dainamaiti wa m'migodi, matani oposa 50, inasiyidwa pa siteshoni ya Braamfontein padzuwa la chilimwe kwa masiku atatu, anthu akukankhirana udindo wotsitsa katunduyo. Pa 19 February sitima ina inagunda mabogi aja, ndipo kuphulika kwake kunamveka mpaka ku Klerksdorp. Panatsala chidzenje chachikulu. Nyumba za amphawi ku Vrededorp ndi Fordsburg zinagwa, anthu oposa 70 anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana amene anali pakhomo masana amenewo, ndipo zikwi za anthu zinasowa pogona. Ena sanapezeke athunthu. Anthu amenewa anaphedwa kale ndi kusasamala kwa anzawo. Musawaonjezere kwanu.

Ndipo inu atsikana amene mumavina pa ziliza kuti mupeze okuyamikirani pa TikTok, muli mtsikana mnzanu m'menemo amene ndikufuna mumudziwe. Dzina lake Valliamma Munuswamy, mwana wa makolo a Chitamil, wobadwira muno mu Johannesburg. Mu 1913 khoti linagamula kuti maukwati osamangidwa mwa Chikhristu kapena kwa boma ndi osavomerezeka, kutanthauza kuti amayi ake pamaso pa lamulo sanali mkazi wa bambo ake. Valliamma analowa nawo m'gulu la amayi otsutsa malamulo otere mopanda chiwawa, motsogoleredwa ndi Gandhi. Anamangidwa mu December 1913 n'kuponyedwa m'ndende ya Pietermaritzburg, kumene anadwala kwambiri. Anatuluka atatheratu, ndipo pa 22 February 1914 anamwalira ali ndi zaka 16. Pafupi naye pali mnyamata, Nagappen, amene anamangidwa pa nkhondo yomweyo yokana tsankho mu 1909, anamugwiritsa ntchito yakalavulagaga m'misewu nthawi yozizira, n'kufa ndi chibayo patangopita masiku ochepa atatulutsidwa. Gandhi mwiniwake anabwera pa manda awo mu July 1914, atatsala pang'ono kuchoka m'dziko lino. Zaka 16, ana anga. Ena mwa inu pa msinkhu umenewo munali musanachoke pakhomo pa amayi anu.

Za umwini ndiye musanamizane. Mu 2023 anthu oipa mtima anaphwanya makoma osungiramo phulusa la mitembo yotenthedwa, pafupi ndi nyumba yotenthera mitembo ya m'mandamo. Anaswa timiyala totsekera, phulusa la anthu n'kumwazika pansi, mayina n'kusokonezeka. Malo owonongedwa anali zikwi. Amene anabwera akulira anali ana ndi adzukulu a anthu omwe mukuti alibe mwiniwo, ndipo gulu la anthu odzipereka la Friends of Johannesburg Cemeteries linagwira ntchito miyezi yambiri kutolera zidutswa, kufananitsa mayina ndi kumatanso. Sindikunena kuti anachita zimenezo ndi ana a kwathu, ayi, ndipo wina asandiike mawu m'kamwa. Ndikunena kuti anthu a mzinda uno bala limeneli likadawapweteka, ndipo maso awo ali pamenepo.

Mlendo ndi mame, ana anga. Amene tinali kuno mu May 2008 tikukumbuka mmene anthu 62 anafera pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndi mmene abale athu anakwerera mabasi opanda ngakhale chikwama. Kanema mmodzi wa mtsikana wovina pa chiliza, Chichewa chikumveka kumbuyo, akhoza kuyenda m'mafoni a mzinda wonse tsiku limodzi. Sadzatchula dzina lako iwe wovinawe. Adzati Amalawi. Adzavutika ndi mayi wogulitsa tomato pamsewu ndi bambo wosamalira maluwa kwa bwana, amene sanapondeko n'komwe kumandako.

Palinso ina imene ndiyenera kuitchula poyera. Ntchito ikasowa, ena mumatola zitsulo zokagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kutola si tchimo, njala ndimaidziwa. Koma wina akakupatsa chitsulo chamkuwa cholembedwa dzina ndi zaka, kapena mpanda wachitsulo wooneka kuti wazulidwa pa manda, usanyamule, ngakhale atakulonjeza theka la ndalama. Ndi mlandu wa kupolisi, ndipo wopanda mapepala akagwidwa nacho mukudziwa kumene amathera. Kuposa apo, mwala ukachotsedwa dzina, munthuyo wafa kachiwiri. Ndalama ya chitsulocho idzatha usiku womwewo, koma mdzukulu amene adzabwere kuchokera kutali kudzafuna agogo ake adzazungulira manda onse osawapeza, monga ife sitinamupezere wathu.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ndinu omwe mumakhala patsogolo mnzathu akamwalira kuno. Uthenga ukangofika pa gulu la WhatsApp mumasonkha, wina R100, wina R200, kuti thupi likwere galimoto likagone kwawo ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Dedza. Mumagona pa siwa mpaka kucha. Mumatero chifukwa simufuna mnzanu akagone pakati pa alendo pamene palibe womulambulira. Anthu a pa Braamfontein ndi amene analibe owasonkhera. Anagona pomwe anafera, n'kudalira kuti odzabwera m'mbuyo adzakhala ndi umunthu.

Kupitako sindikukuletsani. Pitani, ndi malo ophunzirapo zambiri. Koma pitani masana, muli gulu, chifukwa m'malo obisika m'menemo anthu amalandidwa mafoni ndi zikwama. Yendani m'tinjira. Musakhale kapena kuponda pa chiliza, miyala ina yaima zaka zoposa 100 ndipo yagwedera, ikhoza kukugwerani mwendo. Mowa siyani kunja kwa geti.

Ana asanu aja ndinawauza zina mwa izi titaima pomwepo. Mtsikana uja anatsika yekha, nkhope ili pansi, ndipo mnyamata amene anandiyankha uja anatolera mabotolo onse m'jumbo. Tinawerama limodzi kuti tiwerenge mwala umene anaukhalira. Dzina linali litafufutika ndi mvula ndi ndere, tinangotha kuona kuti anali mwana wamng'ono.

Ife achikulire atatu tagwirizana kuti tibwererako Loweruka loyamba la mwezi wamawa, ndipo tiyamba tapempha chilolezo kwa oyang'anira pa geti. Amene akufuna kutiperekeza abwere ndi matumba a zinyalala, magolovesi ndi botolo la madzi. Bulashi ya waya kapena mankhwala oyeretsera zovala musatenge, zimadya mwala ndi kufufuta zilembo. Madzi ndi bulashi yofewa zikwanira. Tikayambira mbali ya kwa Sontonga, pa kapinga paja.