Inu a pa Salima, dzuwa likalowa zimitsani giza ndi ayironi

Ndikulankhula ndi inu amene muli ndi mita pakhoma, kuyambira pa Kamuzu Road, pa Boma, ku Kaphatenga, mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Magetsi akazima, pakamwa panu sipauma. Mumatukwana pa Facebook mpaka batire ya foni kutha. Koma akangoyaka, zimene mumachita nawo n'zochititsa manyazi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye lero ndikutsinani, ndipo amene zimuwawe adziwe kuti ndikunena iyeyo. A ESCOM ali ndi zawo zoti ayankhe, zimenezo tidzakamba tsiku lake. Lero mlandu uli pa dzanja lanu limene limagwira switchi.

Ntchito yosunga magetsi sidayambe dzulo. Cha m'ma 2012, boma ndi ESCOM, mothandizidwa ndi dziko la Britain, adagawa m'makomo mababu osadya magetsi ambiri, opindikapindika aja, m'malo mwa mababu akale otentha. Magetsi atavuta koopsa mu 2016 ndi 2017 chifukwa cha kutsika kwa madzi m'nyanja yathuyi, ESCOM idabweretsanso mababu a LED pa mtengo wotsika. Pa wailesi akhala akutipempha kuti tizizimitsa zimene sitikugwiritsa ntchito. Nanga inu mudatani? Babu laulere litapsa, ena mudathamangira kukagula lotentha lomwe lija poti ndi lotchipa pa shelefu. Mpaka lero ndimaliona likulendewera m'makhonde ndi m'mabafa, lakuda ndi utsi, tizilombo ta kunyanja titaunjikana pansi pake. A nkhuku za bulayila ndikukumvetsani, inu mukufuna kutenthako kuti anapiye asafe. Koma iwe wa pakhonde, ukufungatira chiyani?

Tiyeni tiwerenge, poti ena simumva mpaka ziloze m'thumba. Yunitsi imodzi imene mumagula ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Babu lakale la mawati 60 likayaka maola 12 usiku uliwonse, pa mwezi ladya mayunitsi oposa 21. La LED la mawati 9, lowala pafupifupi chimodzimodzi, pa maola omwewo lidya mayunitsi atatu ndi kanthu pang'ono. Babu la mawati 100 la panja limene simulizimitsa usana ndi usiku, pa mwezi ladya mayunitsi 72. Babu limodzi lokha limenelo! Mphamvu yambiri ya babu lakale imathera m'kutentha, osati m'kuwala, ndipo kuno ku Salima mwezi wa October kutentha tili nako kokwana, sitifunika kogula.

Komatu mababu ndi nkhani yaing'ono. Chimene chandilembetsa ndi nthawi imene mumayatsira zinthu zolemera.

Magetsi si chimanga choti n'kuthira m'nkhokwe kudikira chaka cha njala. Amene akupangidwa mphindi ino ayenera kugwiritsidwa ntchito mphindi yomweyino, ndipo ofuna akachuluka kuposa opangidwa, kumalikulu sachitira mwina koma kudula dera lina kuti makina onse asagwe. Kuzimazima kwa gulu A, gulu B kumene mumawerenga pa ndandanda kuja kumachokera pamenepa. Gawo lalikulu la magetsi athu limachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kampani ya EGENCO yakhala ikuyendetsa makina kuyambira 2017 pamene idapatukana ndi ESCOM. Mukukumbukira mmene tidaonera zakuda namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022. Mamegawati pafupifupi 130 (megawati imodzi ndi mawati miliyoni imodzi) adachoka usiku umodzi, ndipo padapita chaka ndi miyezi asadabwerere.

Ife a Salima timadzitama, ndipo n'zomveka. Ku Nanjoka kuli munda wa sola wa kampani ya JCM, wa mamegawati 60, umene udayamba kugwira ntchito mu 2021. Anzathu a ku Nkhotakota ali ndi wawo wa mamegawati 21, ku Golomoti kuli wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire. Ndamvapo anyamata pa depoti akuti, "Magetsi amapangidwa kwathu konkuno, atizimitsira bwanji?" Ana anga, choyamba magetsi a ku Nanjoka amalowa m'nthambo za dziko lonse, si a pakhomo panu nokha. Chachiwiri, ndipo apa mutchere khutu, sola amagwira ntchito dzuwa likuswa mtengo. Likamapendeka mphamvu imayamba kuchepa, likalowa kuseri kwa mapiri a ku Dowa, mapanelo onse aja agona. Kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9, katundu wambiri amatsalira makina a pa Shire ndi majenereta a dizilo, amene mafuta ake dziko limagula ndi ndalama zakunja zomwe tikusowazi.

Ndiye taonani zimene mumachita pa maola amenewo. Bambo wafika kuchokera ku ntchito, wayatsa giza kuti asambe madzi otentha, ku Salima, kumene madzi a pampopi masana amatuluka ofunda kale. Giza imadya mawati 2,000 kapena 3,000. Ola limodzi la giza ya mawati 3,000 likufanana ndi babu la LED lija litayaka maola oposa 300. Nthawi yomweyo mayi waika nyemba zouma gwa pa hotipuleti, mphika wopanda chivundikiro, nthunzi ikungopita kudenga, azithiramo madzi ozizira kangapo mpaka usiku. Mtsikana wantchito wauzidwa kuti asite mayunifolomu a mawa. Ketulo yadzazidwa mpaka pakamwa chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi. TV ikulankhula yokha pabalaza, fani ikupepesera mipando m'chipinda mopanda munthu. Nyumba imodzi imeneyo. Onkhetsani nyumba zonse za pa tauni pano, muonjezepo Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, kenako mudabwe kuti magetsi athawa nsima ili pamoto.

Inu amayi, nyemba zinyikeni m'madzi usiku, mawa zidzapsa msanga, ndipo muziphike masana dzuwa la ku Nanjoka likugwira ntchito. Vundikirani mphika. Mphika waung'ono pa mbale yaikulu ya kuka ndi kutenthetsa mpweya. Zovala sitani zonse pamodzi, Loweruka masana, osati shati imodzi mmawa uliwonse ndi ina madzulo. Inu abambo, ngati giza simungakhale popanda iyo, iyatseni masana kwa kanthawi n'kuizimitsa, madzi amasunga kutentha mpaka madzulo. Palibe amene akukuletsani kudya kapena kusamba. Tikungoti sunthani ntchito zolemerazi zichoke pa maola a madzulo. Mafakitale akuluakulu amadziwa kale zimenezi, chifukwa ESCOM imawalipiritsa mtengo wokwera pa maola opanikizika ndi wotsika pa maola ena. Inu a m'makomo mtengo wanu susintha ndi ola, n'chifukwa chake mwatayirira.

Ndipo wina asandimve molakwa n'kunena kuti agogo ati tibwerere ku makala. Ayi. Thumba lililonse la makala limene limatsika pa njinga kuchokera ku mapiri ndi mitengo ya ku Thuma ndi nkhalango zina imene yagwa, ndipo nthaka yosiyidwa pambalambanda imakokoloka kulowa mu Linthipe n'kudzathira matope m'nyanja. Kummwera kudula mitengo komweku ndi kumene kumadzaza matope ndi zinyalala m'madamu a pa Shire mpaka makina kuimitsidwa kuti achotse. Amene muli ndi magetsi phikirani magetsiwo, koma mwanzeru ndi pa nthawi yake.

Tsopano ndifike kwa amene amandikwiyitsa kwambiri, ogwiritsa ntchito magetsi amene salipira okha.

Dutsani pa maofesi ena Lachisanu usiku. Anthu adaweruka kalekale, koma mababu ali ngwee m'zipinda zonse, makompyuta akung'ung'uza, makina oziziritsa mpweya akudontha madzi pakhoma, zenera lili pululu. Zikhala choncho mpaka Lolemba. Mukafunsa mlonda akuti makiyi ali ndi abwana. Mukafunsa abwana akuti, "Ndi za boma izi." Za boma zimenezo ndi msonkho wa mayi wogulitsa usipa pa msika, amene kwawo amaunikira tochi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'Malawi muno ndiwo ankaunikira magetsi. Chiwerengerocho chakwerako, koma ambiri mwa abale athu ku Khombedza, kwa Pemba ndi kwa Ndindi akudikirabe. Inu amene mudapatsidwa mwayi mukuunikira mipando yopanda anthu kwa masiku awiri.

M'nyumba za lendi za mita imodzi ndiye muli nkhondo. Mabanja asanu asonkha mofanana, koma mmodzi wabisa kahita kopinda kaja m'chidebe, wina ali ndi firiji yogulitsira mafirizesi, wina amasitira anthu zovala pa mtengo. Aliyense akuti bola ndidyeko zambiri poti tasonkha tonse. Mayunitsi akatha pa 15, kulozana zala, ana kumenyana, mpaka nkhani kwa abuloko lida. A landilodi, ikiraniko anthu anu timamita ting'onoting'ono pa khomo lililonse, kapena apempheni a ESCOM mita yapayokha. Munthu akamaona manambala ake akutsika ndi maso ake, dzanja limafulumira kupita pa switchi.

Eni malo ogona alendo ku Senga Bay, mlendo wapita kunyanja mmawa, abwera madzulo, chipinda chikuzizirira ndani? A m'matchalitchi ndi m'mizikiti, mapemphero atha, fani zikuzungulira yani? Za mafiriji ndingonena mwachidule: mphira wa pachitseko ukatha sinthani, ayezi akaunjikana sungunulani, ndiwo zamoto dikirani zizizire, ndipo musaikankhire pakhoma pomwe dzuwa la masana limamenya.

Pali chizolowezi china chimene chidzapha munthu. Magetsi azima mayi akusita, wangoika ayironi chogona pa nsalu n'kutuluka. Kapena mphika uli pa hotipuleti, wausamutsira pa mbaula, switchi waisiya momwemo. Banja lonse lagona. Pakati pa usiku magetsi abwera mwakachetechete, ayironi yayamba kutentha, nsalu yayamba kufuka, pafupi pali katani ndi matiresi. M'misika, momwe mabenchi ndi a matabwa ndipo mawaya adalumikizidwa ndi mapepala a pulasitiki, moto wotere sufuna mphindi zambiri. Magetsi akazima, zungulirani nyumba, zimitsani chilichonse pakhoma, musiye babu limodzi loti likuuzeni akabwera. Izi zimathandizanso thiransifoma ya dera lanu. Ikadzutsidwa n'kupeza magiza, makuka, mafiriji ndi mabatire a inivetala za nyumba zonse zikudikira nthawi imodzi, imalemedwa, fyuzi n'kupsa, ndipo mumakhalanso mumdima pamene anzanu a tsidya lina akuonera mpira. Akabwera, dikirani pang'ono, muziyatsa chimodzichimodzi.

Za inu olambalala mita ndi okokera nthambo ya sipika kudutsa pansi pa mchenga kupita kwa neba, ndilibe mawu okoma. Ana amasewera opanda nsapato pamenepo, ndipo mvula ikagwa nthaka yonyowa siyisankha mwana wa ndani. Wakuba magetsi sazimitsa kanthu chifukwa sakulipira, ndiye amalemetsa thiransifoma ya tonse. Akuba mafuta ndi mawaya a m'thiransifoma nawo si mizukwa, ndi ana a m'makomo mwathu momwemu, ndipo ogula mkuwawo timawadziwa. Lamulo la magetsi lidakhwimitsidwa mu 2024, chilango chake tsopano ndi zaka zambiri kundende. Mukamubisa lero poti ndi mwana wa achemwali, mudzakamuonera ku Maula.

Tauni siisunga magetsi ndi nyumba imodzi, n'chifukwa chake ndikutembenukira kwa inu makhansala, mafumu, mabuloko lida ndi makomiti a m'misika. Mumatiitana pa nkhani za maliro, za zinyalala ndi za chitetezo, koma ya magetsi sindidaimvepo pabwalo. Itanani a ESCOM abwere adzafotokoze pamaso pa anthu kuti thiransifoma ya dera lililonse imatha kunyamula zingati ndipo panopa yasenza zingati. Khalani pansi ndi eni zigayo, makina opunthira mpunga ndi owotcherera zitsulo, mugwirizane kuti ntchito yolemera izitha dzuwa lisadalowe. Iwonso apindula, poti magetsi akazima chimanga chili m'chigayo, amene amataya makasitomala ndi iwowo. Ofesi iliyonse, sukulu iliyonse, isankhe munthu mmodzi wodziwika dzina amene azizungulira pomaweruka, ndipo babu likapezeka likuyaka Lamlungu masana tidziwe wofunsa. Aphunzitsi, masamu a mawati ndawerenga pamwambapa ndi a Sitandade 7, apatseni ana akawerenge mababu a kwawo abwere ndi yankho Lolemba.