Kaliwu kakuti menos kandiphonyetsa ganyu ya tsiku lonse

Abale anga, mtima ukundiwawa. Dzulo usiku kapitawo wa kumunda wa tomato kuno ku Almería, m'dziko la Spain, anandiimbira foni m'Chisipanishi kuti galimoto inyamuka "a las siete menos veinte". Ine ndinamva siete, ndinamva veinte, ndiye ndinadziwa kuti ndi 7:20. Pofika pamalo okwerera m'mawa uno, panali zii, galimoto itapita kalekale. Kaliwu kakuti menos, kamene anakatchula ngati akumeza phala lotentha, kamatanthauza kuchotsera: kwatsala mphindi 20 kuti ikwane 7 koloko, ndiye kuti 6:40. Tsiku lathunthu lapita opanda ndalama, koma lendi ikudikira. Nditamuimbira kuti ndifotokoze, sanafune n'komwe kundimvera.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti palibe amene amalankhula mofatsa ngakhale akuona kuti ndiwe mlendo. Kuno m'chigawo cha Andalucía chilembo cha s amachimeza, las dos (2 koloko) imangomveka "la do". Tsono tangoganizani sesenta ndi setenta, 60 ndi 70, zosiyana chilembo chimodzi chokha. Mukugwirizana malipiro munthu akuthamanga ndi pakamwa, iwe n'kuvomera, tsiku lolandira n'kupeza ma euro 10 asowera pakati pa mawu awiriwo. Ukadandaula akuti sunamvetse ndiwe. Ndinaloweza kuti cinco ndi 5, koma 500 akuti quinientos, yosafanana nayo m'pang'ono pomwe. Papepala nazonso n'zosokoneza: dontho amaika pa masauzande, 1.200, pomwe pa masenti amaika chizindikiro cha koma (,), 12,50.

Ndiye pali mediodía. M'buku analemba kuti ndi 12 koloko masana. Anthu akamati tikumane a mediodía akunena nthawi ya nkhomaliro, 2 kapena 3 koloko. Ndinaimapo padzuwa maola awiri kudikira mwini nyumba chifukwa cha liwu limeneli. Kumapeto kwa Okutobala amabwezanso wotchi ola limodzi, moti amayi ku Dedza, amene miyezi yonse yotentha kuno nthawi yathu imakhala imodzi, amandiimbira ndisanaweruke n'kumadandaula kuti mwana wawo wasiya kuyankha.

Ndapempha kapitawo kuti nthawi azindilembera m'manambala pa WhatsApp, chinthu chosatenga ndi mphindi imodzi yomwe. Wanditumizira uthenga wamawu, akuthamanga chimodzimodzi. Ndaumvetsera kasanu, ndipo ndikupita kukagogoda kwa mnzanga wa ku Senegal chipinda chinacho kuti andimvereko ngati wati y cuarto (kuwonjezera mphindi 15) kapena menos cuarto (kuchotsera mphindi 15).