Kaduwa ka ku Nevada ndi mgodi wa lithium

Koma nkhani ya mgodi wa lithium womwe ukuopseza kaduwa kosowa ku Nevada, ku America, yandikwiyitsa ine. Kuli kachomera kena ku America konko amakatchula Tiehm's buckwheat, kakafupi, kamayala masamba otuwa pansi penipeni kenako nkutulutsa timaluwa tachikasu tobulungira cha mu May ndi June, ndipo dziko lonse lapansi kamapezeka malo amodzi okha, ku Rhyolite Ridge m'mapiri a Silver Peak, pa maekala 10 basi. Maekala 10 abale, alipo alimi a fodya minda yawo ikuposa pamenepa.

Anakatulukira ndi a Arnold Tiehm mu 1983. Sikadyedwa ayi, sikagulitsidwa, kamangokhalira m'miyala ya m'chipululu pa dothi lotuwa lomwe zomera zambiri zimakanika. Ndiye tsoka lake dothi lomwelo ndi lomwe lili ndi lithium wopangira mabatire ndi boron wopangira magalasi, basi kampani ya ku Australia ya Ioneer ikufuna mgodi pomwepo. Mu December 2022 boma la America linakalemba m'gulu la zomera zotsala pang'ono kutheratu nkupatula maekala 910 kuti akhale malo ake otetezedwa, koma mu October 2024 boma lomwelo linavomereza mgodi, ndipo gawo lina la malo otetezedwawo lilowa m'ntchito ya mgodiyo. Kuteteza kotani kumeneku?

Ine sindikudana ndi lithium, foni ndikulemberayi batire yake ndi yomweyo, magalimoto amagetsi akufunikanso, zimenezo ndikudziwa. Chikundinyansa ndi yankho la kampaniyo loti musadandaule tafesa mbewu zake mu greenhouse, nyumba yolereramo zomera, tikukasamalira. Aaa, chomera cha mu poto chothiriridwa ndi munthu wolandira salale chingafanane ndi cha paphiri? Paphiripo pali njuchi ndi tizilombo tina timene timanyamula mungu kuti kabereke, nanga malole akayamba kudutsa usana ndi usiku fumbi lili koboo pamaluwa, tizilomboto tidzakhalapo? Kampani ikuti dzenje lizilambalala pomwe pali zomerazo, chabwino, koma kuzisiya pakachilumba pakati pa mgodi sindikuona kusiyana kwenikweni, zidzangofa mochedwerako.

Komanso kumbukirani za mu September 2020. Anthu anakapeza zomera masauzande zitazulidwa, timaenje paliponse, mizu itadukaduka. A Fish and Wildlife Service, nthambi ya boma la America yoona za nyama ndi zomera zakutchire, anati ndi agologolo a m'chipululu omwe anadya mizuyo, a bungwe loteteza zachilengedwe la Center for Biological Diversity ankakayikira kuti pali dzanja la munthu. Kaya anali ndani zilibe kanthu kwa ine, mfundo ndiyoti chilimwe chimodzi chokha chinasesa gawo lalikulu chonchija, mgodi usanayambe nkomwe. Ndiye uwonjezerepo mabomba ophwanyira miyala kwa zaka zambirimbiri?

Lithium ali malo ambiri, ku Chile, ku Australia kwawo komweko, ngakhale ku Bikita ku Zimbabwe akukumba. Kachomeraka kalibe kwina kothawira. Akanati mgodi usunthe utuluke m'maekala 910 aja phindu lichepeko pang'ono ndikanawaombera m'manja, koma zoti tizitcha mgodi wosamala chilengedwe uku ukufinya chamoyo chomwe boma lanena lokha kuti chikutha, ine ayi ndakana. Mabungwe azachilengedwe anakasuma kukhoti chilolezo chitangotuluka ndipo pa iyiyi ndili mbali yawo.