Midzi ya ku Zagori ndi yokongola inde, koma eni ake ali kuti?

Ambiri mukamva za Greece mumangoganiza nyanja ndi tinyumba toyera ta ku Santorini tija, koma dziko limene lija mbali yaikulu ndi mapiri okhaokha. Ine ndikufuna tikambe za Zagori, kumpoto chakumadzulo, m'mapiri a Pindus kufupi ndi malire a Albania. Kuli midzi 46, tauni yaikulu yapafupi ndi Ioannina. Mu 2023 a UNESCO anaika derali pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, nde anthu pa intaneti akungoti eee kukongola, eee mtendere wake, ndikanakonda nditakhala kumeneko. Ine ndikuti dikirani kaye abale.

Kukongola sindikutsutsa ayi. Khoma mwala, denga mwala, tinjira ta m'mudzi mwala, moti ukaima patali mudzi ndi phiri sizisiyana mtundu. Pakati pamudzi pamakhala bwalo, chimtengo chachikulu cha platanos chopereka mthunzi, tchalitchi pambali, sukulu, ndi potunga madzi. Pansi pake pali chigwa cha Vikos chozama zoopsa. Koma funso lomwe anthu safunsa ndi loti, kumalo kwa miyala ngati kumeneku, koti ulimi wake sungadyetse banja chaka chonse, ndalama zomangira zinthu zapamwamba chonchi zinachokera kuti?

Zinachokera kunja. Nthawi ya ulamuliro wa ma Ottoman (ufumu wa ku Turkey), kuyambira pomwe Ioannina inagonja mu 1430, anthu a ku Zagori anagwirizana nawo kuti azipereka msonkho koma nkhani za m'midzi yawo aziyendetsa okha, ndipo ufulu umenewu unatha mu 1868. Nde amuna ankachoka, ena akadali anyamata, kupita ku Constantinople (Istanbul ya lero), ku Romania, ku Russia, ku Egypt kukachita malonda, zaka ndi zaka osaoneka pakhomo. Ife a ku Malawi nkhani ya bambo wopita ku Joni nkusiya mayi ndi ana sitifunika wotiuza. Koma chomwe chimandigwira mtima ndi komwe ndalamazo zinkathera. Munthu akalemera sankangomanga chinyumba chake nkumadzitama, mudzi umayembekezera kuti amange chinthu cha aliyense. Mlatho wa Kokkoros, umene mumauona pazithunzi zambiri uja, unamangidwa mu 1750 ndi ndalama za munthu mmodzi, Noutsos wa ku Vradeto. Manthos Rizaris ndi m'bale wake Georgios a ku Monodendri analemerera ku Russia, ndipo chuma chawo ndi chomwe chinatsegula sukulu ya zaubusa ya Rizarios ku Athens mu 1844. Masukulu, matchalitchi, milatho, zambiri zinabwera choncho, osati boma.

Komanso omangawo ambiri sanali eni mudzi. Anali magulu a amisiri oyendayenda ochokera midzi ya kufupi ndi Konitsa ngati Pyrsogianni, nawonso osiya akazi awo miyezi yambiri nkumayenda ndi zida zawo pa nyulu. Ndipo pamene amuna onsewa anali paulendo, wolima, wosenza nkhuni pamsana kukwera nazo phiri, wosamala nkhalamba ndi mbuzi anali mayi. Dzina la wolipira mlatho likudziwika mpaka lero, la mayi amene anasunga mudzi zaka zonsezo palibe analilemba. Mukamvetsera nyimbo za dera la Epirus, komwe kuli Zagori, zija amaimba ndi klarineti pang'onopang'ono ngati pamaliro, zambiri ndi zolira munthu amene ali kuchilendo. Si anthu amene ankaona moyo wawo ngati holide.

Tsono kuchoka komweko komwe kunamanga midziyi ndi komwenso kunaimaliza. Kale ankachoka bambo yekha, mtima uli kumudzi, ndalama zikubwera. Kenako nkhondo. Mu 1940 asilikali a Italy analowera m'mapiri omwewa, azimayi a ku Pindus nkumasenzera asilikali a Greece zipolopolo ndi chakudya pamsana. Mu 1943 ma German anaotcha midzi ingapo, 1946 mpaka 1949 a Greek kumenyana okhaokha. Zitatha izi banja lonse linkanyamuka, ulendo wa ku Athens, wa ku Germany kukagwira m'mafakitale, ndipo ulendo uno panalibe zobwerera. Lero dera lonse la Zagori anthu okhazikika sakwana 4,000. Gawani nokha ndi midzi 46.

Taonani za Vradeto, mudzi umene uli pamwamba kuposa yonse. Mpaka zaka za m'ma 1970 kunalibe msewu wa galimoto, njira yake inali masitepe a miyala opitirira 1,000 okhotakhota pathanthwe kutsikira cha ku Kapesovo. Lero alendo amawakwera atavala nsapato zodula nkumajambula, chabwino. Koma ganizani mayi wapakati matenda atayamba usiku, kunja kuli chipale chofewa, njira ndi yomweyo. Msewu unafika anthu ambiri atapita kale. Pena ndimaona ngati midzi ina yasungika bwino chonchi chifukwa chitukuko chinachedwa ndipo panalibe wotsala woti agumule nyumba yakale nkumanga ya simenti.

Masiku ano m'midzi ya Papingo ndi Monodendri nyumba zambiri zasanduka malo ogona alendo ndi malesitilanti. Ena amanyoza kuti zaononga chikhalidwe, ine sindili nawo, chifukwa popanda ndalama za alendo madenga amiyala aja akanagwa kalekale, ndipo kukonza denga lotere si masewera, makamaka poti malamulo salola kungokhomapo malata. Mwezi wa August, makamaka pa 15 tsiku la Maria, ana ndi zidzukulu amabwera kuchokera ku Athens ndi kunja, pabwalo paja gule mpaka mbandakucha, mudzi nkudzadza. Ikafika November m'midzi yambiri mumangotsala agogo owerengeka ndi amphaka.

Chimene chikundivuta ine ndi choti tikamati tikusunga mbiri timayamba ndi miyala chifukwa miyala ndi yosavuta. Mlatho wa Plaka, kumwera kwa Zagori m'mapiri a Tzoumerka, womangidwa mu 1866, unakokoloka ndi madzi pa 1 February 2015, dziko lonse linadandaula, ndalama zinapezeka, pofika 2020 unali utaimanso. Zabwino kwambiri. Koma sukulu ya m'mudzi ikatsekedwa chifukwa kulibe ana, sizimveka chimodzimodzi. Ine ndikanakhala wogawa ndalama zomwe dzina la UNESCO libweretse, ndikanayamba ndi basi yotenga ana kusukulu, dokotala wofika sabata iliyonse, intaneti yodalirika, ndi kuphunzitsa achinyamata umisiri wa miyala uja kuti banja lachinyamata lithe kukhalako ngakhale mu January. Mahotela atha kudzimangira okha, ali nazo.